Ndasiya feteleza ndi mankhwala padimba, koma kodi ulimi wa oganiki umayambira pati?

MayiWaPadimba:

Moni nonse alimi anzanga. Ndili ndi dimba laling'ono kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chitsime, ndipo ndimalimamo kabichi, repu, phwetekere ndi anyezi. Zambiri timadya pakhomo, zotsala ndimagulitsa. Ulendo uno ndinaganiza zosiya feteleza ndi mankhwala opopera. Chimene chinkandisautsa n'chakuti ndikapopera m'mawa, fungo lija linkakhala m'manja mpaka madzulo ngakhale ndisambe ndi sopo, kenako n'kumakumbuka kuti masamba omwewo ndi amene ana anga adye mkuja. Mtima sunkandilola.

M'malo mwa feteleza ndinatenga zitosi za nkhuku m'khola, zosakanikirana ndi utuchi, n'kuzikwirira m'mabedi patatsala masiku ochepa kuti ndiwokere mbande. Koma zimene ndikuona sizikundipatsa tulo. Kabichi wapinimbira, masamba am'munsi achita chikasu. Kunsi kwa masamba a repu kwadzaza nsabwe zotuwa zija mpaka masamba kupindika. Phwetekere ndiye wandizunguza mutu: mitengo ina ikufota masamba ali obiriwira, dothi lili lonyowa bwinobwino, ndipo ikagwa siidzukanso ngakhale m'mawa.

Sindikufuna kubwerera ku mankhwala. Ndikufuna kuphunzira ulimi umenewu kuyambira pa maziko ake, chifukwa kungomva apa kuti thira ichi, apo kuti popera icho, sikundifikitsa kulikonse. Kodi mfundo zake zenizeni ndi ziti, ndipo munthu amayamba kuphunzira chiyani? Komanso mnzanga wina akuti ndinyike fodya m'madzi ndipopere nsabwezo, poti fodya ndi wachilengedwe. Kodi zimenezi n'zololedwa?

MkuluWaManyowa:

Mayi, musafooke. Ndiyambe ndi kabichiyo chifukwa chikasu chakecho chili ndi yankho la funso lanu loyamba.

Feteleza ankadyetsa mbewu mwachindunji. Akangosungunuka, mizu n'kumwa. Mukamuchotsa pamafunika wina wogwira ntchito imeneyo, ndipo mu ulimi uwu wogwira ntchitoyo ndi nthaka yamoyo, kutanthauza nyongolotsi, nkhungu ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timawoletsa zinyalala n'kumamasula chakudya cha mbewu pang'onopang'ono. Ntchito yanu inu ndi kudyetsa tizilomboto. Ine munthu akandifunsa kuti ulimi wa oganiki n'chiyani ndimamuuza zimenezo, ndipo ndimamuuzanso kuti asathamangire zopopera asanadziwe kuumba mulu wa kompositi.

Zitosi munathirazo n'zabwino kwambiri, vuto ndi utuchi ndiponso nthawi. Utuchi, monga zouma zina, uli ndi kaboni wochuluka koma nayitrojeni wake, chakudya chimene chimabiriwitsa masamba a mbewu, ndi wochepetsetsa. Tizilombo tam'nthaka tikayamba kuugaya timafuna nayitrojeni, ndiye timatenga yemwe ali m'dothimo, yemwe kabichi akanadya. Masamba akale ndi amene amayamba chikasu chifukwa mbewu ikasowa nayitrojeni imamuchotsa m'masamba am'munsi n'kumutumiza ku masamba anthete. Kuwonjezera apo, zitosi zosawola zimawotcha mizu ya mbande. Zonsezi zikanawolera pamulu, bwenzi lero mukusimba zina.

Mulu ndimaumba chonchi. Ndimasankha pamthunzi. M'lifupi mwake mita imodzi ndi theka, msinkhu wake osachepera mita imodzi, chifukwa mulu waung'ono sutentha. Pansi penipeni ndimayala mapesi kapena timitengo kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake udzu wouma ndi masamba ouma, kenako zobiriwira monga udzu wopalira umene sunabereke njere ndi zotsalira zakukhitchini, kenako ndowe kapena zitosi, n'kuwaza dothi lakuda pang'ono. Ndikamaliza ndimayambanso momwemo mpaka mulu utakwera, ndipo gawo lililonse ndimalinyowetsa. A sayansi amati kaboni azikhala magawo pafupifupi 30 pa gawo limodzi la nayitrojeni. Pamanja pathu ndiye kuti zouma zichuluke kawiri kapena katatu kuposa zobiriwira ndi ndowe.

Madzi ndi amene amasokoneza anthu ambiri. Tapani zam'katimo chodzaza dzanja n'kufinya. Pakatuluka dontho limodzi kapena awiri pakati pa zala, zili bwino. Madzi akayenderera ndiye kuti mwanyanya, onjezani zouma. Mukatsegula dzanja zinthu n'kuyoyoka, thirirani. Pakati pa mulu zikanipo ndodo yosongoka. Pakapita masiku atatu izuleni n'kuigwira kunsonga. Iyenera kukhala yotentha ndi yonyowa moti simungaifumbate nthawi yaitali. Mulu woumbidwa bwino umafika madigiri 55 mpaka 65, ndipo kutentha kumeneko ndi kumene kumapha njere za udzu ndi tizilombo tambiri toyambitsa matenda. Ndodo ikatuluka yozizira, mulu wagona, ukusowa zobiriwira kapena madzi. Ikatuluka ndi zoyera ngati ufa, wauma. Mphuno nayo imathandiza. Fungo lolasa ngati la mkodzo likusonyeza kuti nayitrojeni akuthawira mumpweya, zouma zachepa. Fungo la dzira lovunda likusonyeza kuti madzi achuluka ndipo mpweya sukulowa, tembenuzani.

Pakatha masabata awiri kapena atatu, kutentha kukayamba kutsika, ndimatembenuza, zakunja kulowa m'kati, zam'kati kutuluka kunja. Miyezi iwiri kapena itatu kompositi amakhala wakuda, woyoyoka, wonunkhira dothi, ndipo simungazindikirenso kuti ili linali tsamba, ichi chinali chitosi. Phulusa musalisakanize ndi zitosi zaziwisi chifukwa limathamangitsa nayitrojeni. Lizipita pabedi palokha, pang'ono pokha, poti limachepetsa asidi m'nthaka ndipo ndiwo zambiri zamasamba zimakonda nthaka imene muyeso wake wa asidi, wotchedwa pH, uli pakati pa 6 ndi 7.

Kaumbidwe aka sindinakapeke ine. Albert Howard, katswiri wa zomera wa ku England, anakalongosola bwino pamene ankagwira ntchito ku Indore m'dziko la India pakati pa 1924 ndi 1931, ndipo zambiri anaziphunzira poonerera alimi a komweko. Chimene ndimamukondera n'chakuti ankaona matenda ndi tizilombo ngati chizindikiro chakuti m'nthaka kapena m'kalimidwe muli chimene chalakwika.

Kabichi ali m'munda panopo mungamupulumutseko. Dulani masamba obiriwira anthete, a deliya ngati alipo, dzazani theka la mgolo, thiranimo madzi, muzivundula tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri. Madziwo muwasungunule ndi ena mpaka mtundu uchepe mphamvu, n'kuthira patsinde, pamasamba ayi. Kenako phimbirani mabedi ndi udzu wouma, pamwamba pokha osakwirira. Za phwetekere ndisiyira amene anapita nazo kusukulu, koma mmene mwafotokozeramo zikundidetsa nkhawa.

MwanaWaMlimi:

Bambo alongosola bwino za nthaka, ine ndiwonjezere za mfundo ndi malamulo, kenako phwetekere.

Mayi, padziko lonse pali bungwe loona za ulimi wa oganiki lotchedwa IFOAM limene linakhazikitsidwa mu 1972 ku Versailles m'dziko la France. Mu 2005, pamsonkhano wake ku Adelaide, linagwirizana mfundo zinayi za ulimi wa oganiki. Yoyamba ndi thanzi, kuti thanzi la nthaka, mbewu, ziweto ndi munthu ndi limodzi. Yachiwiri ndi kutsatira mmene chilengedwe chimayendera, zimene zachoka m'nthaka zizibwereramo. Yachitatu ndi chilungamo kwa mlimi, wantchito, wogula ndi ziweto. Yachinayi ndi kusamala, kuti chinthu chimene sitikuchidziwa bwino tisachithamangire. Mukaziwerenga muona kuti palibe imene ikunena kuti chilichonse chochokera ku chomera n'chabwino.

Apa ndi pamene pakubwera fodya. Chonde musapopere. Nikotini ndi poizoni wamphamvu, amalowa ngakhale kudzera pakhungu, amapha njuchi ndi tizilombo tothandiza, ndipo malamulo a oganiki a ku America amaletseratu fumbi la fodya ngakhale kuti ndi lachilengedwe. Fodya amathanso kunyamula kachilombo koyambitsa matenda a mawanga pa phwetekere. Ngakhale zololedwa zili ndi malire. Mankhwala a kopa amaloledwa polimbana ndi chiwawu, koma amaunjikana m'nthaka, n'chifukwa chake mayiko a European Union anaika malire a makilogalamu 28 pa hekitala m'zaka 7. Za zitosi zaziwisi, lamulo la ku America limati pazipita masiku 120 kuchokera pothira kufika pokolola ngati gawo lodyedwa limakhudza dothi, ndi masiku 90 ngati silikhudza. Chifukwa chake ndi majeremusi monga Salmonella ndi E. coli. Poti munazikwirira posachedwapa, werengerani masiku amenewo, ndipo repu wa pamabedi amenewo azitsukidwa bwino n'kuphikidwa mpaka kupsa.

Nsabwe zisakuopseni kwambiri. Musanapopere chilichonse, gwadani muyang'anitsitse kunsi kwa tsamba. Pakati pa nsabwe zotuwazo mungaone zina zotupa, zofiirira, zouma, zina zili ndi kabowo kozungulira kumsana. Zimenezo zinaikiridwa dzira ndi timavu ting'onoting'ono, mwana wake anadya nsabweyo m'kati n'kutuluka. Mungaonenso tizilombo tofiira tamadontho akuda tija, kapena ana ake otuwa motalikirapo amene anthu ambiri amawapha poganiza kuti ndi adani. Zonsezi zimadya nsabwe. Pamene dimba linkapoperedwa kawirikawiri zinkafa limodzi ndi nsabwe, ndipo nsabwe zimabwerera msanga kuposa adani ake, n'chifukwa chake nyengo yoyamba mutasiya mankhwala imakhala yowawa. Thothorani masamba odzaza kwambiri, ena muwatsuke ndi madzi amphamvu, ndipo pamene zanyanya poperani madzi a sopo wamba wochepa kapena a njere za nimu zosinja, madzulo dzuwa litapepa. M'mbali mwa mabedi lolani koriyanda kapena karoti wina achite maluwa, poti timavu tija timadya timadzi ta maluwa ang'onoang'ono. Mbozi za kabichi zikabwera pali mankhwala ololedwa otchedwa Bt, ochokera ku bakiteriya wam'nthaka, amene amapha mbozi ikadya tsamba lopoperedwa.

Tsopano phwetekere. Kufota masamba ali obiriwira, dothi lili lonyowa, kawirikawiri ndi matenda a bakiteriya wotchedwa Ralstonia solanacearum. Mungatsimikize nokha. Zulani mtengo wofota, dulani tsinde pafupi ndi mizu ndi mpeni wakuthwa, tsukani dothi, ndipo kachidutswako mukalendewetse m'tambula yoonekera ya madzi oyera, nsonga yodulidwayo itamira. Musagwedeze. Pakapita mphindi zochepa, ngati ndi matendawa, muona timizere toyera ngati utsi tikutsika kuchokera patsinde. Yang'ananinso mizu ngati ili ndi zotupa. Mutiuze zimene mwaona.

Ngati mudzafune kugulitsa ndi chizindikiro cha oganiki, dziwani kuti munda umayamba wadikira. Ku America ndi miyezi 36 chisiyireni mankhwala oletsedwa, ku European Union ndi zaka ziwiri pa mbewu za nyengo imodzi. Alimi ang'onoang'ono m'mayiko ambiri amagwiritsa ntchito njira yotchedwa PGS, imene alimi ndi ogula amayenderana minda n'kuchitirana umboni okha.

WaKabichiWambiri:

Ine ndimalima kabichi wogulitsa pamalo aakulu ndithu, ndipo ndilankhule zimene anzangawa sananene, kuti mayiwa alowe akudziwa. Makilogalamu 100 a yureya ali ndi makilogalamu 46 a nayitrojeni. Makilogalamu 100 a kompositi wouma ali ndi imodzi kapena awiri, ndipo pa ameneyo wochepa yekha ndi amene amamasuka nyengo yoyamba. Kabichi ndi mbewu yadyera. Ndiye werengani mawilibala amene mukankhe, udzu umene mumwete, madzi amene mutunge kunyowetsa mulu. Padimba lakuseri kwa nyumba n'zotheka. Pa hekitala, wopanda ng'ombe, manyowa ake muwatenga kuti?

Ndipo zokolola zimatsika, tisabisane. Kafukufuku wa Verena Seufert ndi anzake amene anatuluka m'magazini ya Nature mu 2012 anasonkhanitsa zoyesa za m'mayiko ambiri n'kupeza kuti zokolola za oganiki zinali zotsika ndi 25 peresenti tikaphatikiza zonse, ndipo pamene alimi ankatsata bwino njira zake kusiyana kunali 13 peresenti. Mbewu za mtundu wa nyemba ndi zipatso zinkatsalira pang'ono, koma ndiwo zamasamba zinali m'gulu lotsalira kwambiri. Ine kompositi ndimathira, kuphimbira ndimaphimbira, ndipo ndaona nthaka yanga ikusunga chinyezi kuposa kale. Koma feteleza sindinamusiye, chifukwa ndili ndi antchito oti ndiwalipire mwezi ukatha. Sindikukugwetsani ulesi mayi, cholinga chanu n'chabwino. Kungoti musadzadabwe mitu ya kabichi ikachepa m'zaka zoyamba n'kuyamba kudziona ngati mwalephera.

MayiWaPadimba:

Zikomo kwambiri nonse. Bambo a kabichi, mawu anuwo ndawalandira, kuli bwino kudziwiratu. Dimba langa ndi laling'ono, nkhuku ndili nazo, udzu suvuta, ndiye ndipitiriza.

Achimwene, ndayesa za tambula zija. Ndinaika pawindo kuti kuwala kudutse, ndipo sipanatenge nthawi, timizere toyera tinayamba kutsika ndendende mmene munanenera, mpaka madzi apansi anachita mbuu. Mizu nayo ili ndi zotupatupa. Koma pamenepa ndasokonezeka, chifukwa nditazula nyemba zimene zinamera zokha m'mphepete mwa bedi, nazonso mizu yake ili ndi timibulu. Kodi nazonso zadwala? Nanga phwetekere wozulidwayu ndingamuponye pamulu wa kompositi poti mwati kutentha kumapha matenda? Fodya ndamusiya. Nsabwe zotupa zofiirira zija ndazipezadi, ndipo zilipo zambiri kuposa mmene ndimaganizira.

MwanaWaMlimi:

Pamulu ayi mayi, chonde. M'mbali mwa mulu simutentha mokwanira, ndipo mungadzamwaze matendawo dimba lonse ndi manja anu. Zulani mitengo yodwala pamodzi ndi dothi la pamizu, muike m'thumba pomwepo, mukawotche kutali ndi dimba ndi chitsime. Bakiteriyayu amakhala m'nthaka zaka zingapo, amayenda ndi madzi othirira komanso dothi lomatirira ku khasu ndi kumapazi, ndipo palibe mankhwala opopera amene amachiza mbewu yodwala, ngakhale kwa amene amalima ndi mankhwala. Zotupa za pamizu ya phwetekere ndi ntchito ya tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totchedwa nematodi, ndipo mabala amene timasiya ndi amene bakiteriya amalowerapo mosavuta.

MkuluWaManyowa:

Mayi, nyembazo musazidandaule, mwina mwapeza chuma. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Tengani muzu wa nyemba, kankhani kambulu kamodzi ndi chala. Ngati kakuthothoka n'kusiya muzu uli bwinobwino, kanangomatirira m'mbali, ndi kabwino. Chotupa cha nematodi sichithothoka chifukwa ndi muzu weniweniwo umene watupa. Kenako kang'ambeni kambuluko ndi chikhadabo. Mukapeza m'kati muli mofiira, ndiye kuti mabakiteriya a Rhizobium ali pantchito, akutenga nayitrojeni mumpweya n'kumupereka ku mbewu. Mpweya umene tikupumawu magawo 78 pa 100 ndi nayitrojeni, koma kabichi sangautenge yekha, nyemba ndi abale ake ndi amene ali ndi njira. M'kati mukakhala moyera kapena mobiriwira, kambuluko sikakugwira ntchito.

Limeneli ndi yankho langanso kwa achimwene a kabichi. Masamu anuwo ndi oona ndipo sindikutsutsa, ntchito ndi yambiri ndipo pamunda waukulu kompositi yekha sangakwane. Koma mlimi wa oganiki sadalira wilibala yokha, nayitrojeni wina amamulima pomwepo. Khobwe, nandolo, kalongonda, zonsezi zimagwira ntchito imeneyi. Chofunika kudziwa n'chakuti mukakolola nyemba zouma n'kuchotsanso masangwi onse, nayitrojeni wambiri wapita ndi zokololazo. Bedi limene mukufuna kulilemeretsa mumadula mbewuyo ikangoyamba maluwa, n'kuisiya pomwepo kuti iwole, mizu ili m'nthaka. Pakapita masabata atatu kapena anayi mumawokerapo kabichi.

Ndiye mayi, dimba lanu muligawe potsata mabanja a mbewu. Phwetekere, tsabola, biringanya ndi mbatatesi ndi banja limodzi, matenda awo ndi amodzi, ndiye kuchotsa phwetekere n'kubzala tsabola si kasinthasintha wa mbewu. Kabichi, repu ndi mpiru ndi banja lina. Anyezi ndi adyo lina. Nyemba ndi khobwe lina. Pabedi lililonse pazitsatana nyemba, kenako kabichi amene adye zimene nyemba zasiya, kenako anyezi kapena karoti zimene sizifuna chakudya chambiri, ndipo phwetekere azibwera ndi kompositi wakupsa. Gulani kakope, jambulani mabedi anu, lembani chimene mwabzala pa lililonse ndi zimene mwaona. Pakapita zaka ziwiri mutu sukumbuka kuti bedi lachitatu munali chiyani.

Bedi lodwalalo lokha lisaone banja la phwetekere kwa zaka zosachepera zinayi. Poyamba mudzazemo maluwa a marigodi mothithikana kwa miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa mizu yake imachepetsa nematodi, ndipo kubzala mtengo umodzi apa wina apo sikuthandiza. Pambuyo pake mungaikemo chimanga, anyezi kapena kabichi. Khobwe ndi nyemba zambiri nematodi amazikondanso, ndiye pabedi limenelo zidikire kaye. Phwetekere watsopano apite kumtunda kwa dimba kumene madzi ochokera pabedi lodwala safika, pabedi lokwezeka bwino, ndipo pogula mbewu funsani mitundu yopirira matenda ofotetsawa. Nazale yake muipange ndi dothi lochokera kumene sikunalimidwepo phwetekere. Tsiku lililonse lolima, bedi lodwalalo lizikhala lomaliza, ndipo mukachokapo khasu litsukidwe dothi lonse n'kuliyanika padzuwa musanalowe nalo kwina.